Tsiku Limene Ndinafewetsa Mfuti ya Atate

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili giledi 8, pamene ndinafika podzikhulupirira kuti palibe chitsulo chimene chingandikanike. Tinkakhala kufupi ndi Palabana, pamalo amene agogo anatisiyira, ndipo tinkaweta ng'ombe zinayi za mkaka. M'mawa uliwonse ndinkamangirira zigubu ziwiri panjinga n'kukatula mkaka kumalo osonkhanitsira, kenako n'kubwerera kudzavala yunifomu. Njingayo inali yokalamba kuposa ine, ndipo popeza ikandifera panjira panalibe wondithandiza, ndinaphunzira kuikonza ndekha. Ndinayamba ndi tcheni, ndinafika pa mabuleki, pomaliza ndinkaimasula yonse n'kuibwezera osatsala kanthu pansi. Anthu oyandikana nafe anayamba kundibweretsera zawo: njinga, maloko a zitseko, ngakhale makina osokera amene ankadumpha ulusi. Atate akandiona nditadetsa manja ndi girizi ankamwetulira n'kuuza alendo kuti, "Belita wanga ali na manja." Mawu amenewo ndinkawakonda kwambiri, ndipo ndinkafunafuna njira zoti ndiwamvenso.

Asanayambe ulimi, Atate anagwira ntchito yolondera nyama zakutchire kwa zaka zambiri, cha kuchigwa cha Zambezi. Atapuma anatsala ndi chizolowezi chimodzi: chaka chilichonse m'chilimwe ankatenga chilolezo kuboma n'kukasaka nyama imodzi kumapiri a kum'mawa, kupitirira Chongwe. Mfuti yawo inali ya mtundu uja wa bawuti, chitsulo chokhala ndi kampini chimene umakokera kumbuyo n'kukankhira kutsogolo kuti chipolopolo chilowe. Inkakhala m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma m'chipinda chawo. Lamlungu loyamba la mwezi, tikabwera kutchalitchi, ankaitulutsa kuti aipukute, ndipo fungo la mafuta ake linkadzaza khonde lonse. Ine ankandilola kupukuta bawuti ndi kansalu, basi. Lamulo lawo linali lalifupi: "Kunja ungapukute. Mukati simwako."

Chaka chimenecho chisanafike, Atate anavulala. Ankamangirira ng'ombe yaikazi yamantha, chingwe chinakulunga chala chawo chamkombaphala cha kumanja, ng'ombe n'kudzidzimuka. Chalacho chinathyoka pawiri ndipo chinapola chokhota, chosapinda bwino. Atapita kosaka m'chilimwe chotsatira anabwera chimanjamanja. Sikuti anaphonya chabe. Analasa nswala pamwendo, anailondola masiku awiri, osaipeza. Kwa munthu amene anakhala moyo wake akuteteza nyama, kusiya nyama ikufa pang'onopang'ono m'thengo chinali chinthu cholemera. Ndinawamva akuuza Amai pakhonde kuti vuto linali tiriga, kachitsulo kopindika kamene chala chimakoka kuti mfuti ilire.

"Niyolimba maningi," anatero. "Nikakoka na chala ichi, mfuti yonse iyenda kumbali."

Kwa sabata yathunthu sankadya bwino. Ine ndinawasunga mumtima mawu amenewo.

Nthawi imeneyo n'kuti mapuloti a tsidya la msewu atayamba kudzaza ndi anthu ogwira ntchito ku Lusaka. Mmodzi wa iwo anali Ba Mulenga, munthu wamfupi, wansangala, wogwira ntchito m'maofesi a boma, amene ankanyamuka m'mawa uliwonse pa kagalimoto kake kotsegula kumbuyo. Anali atagula mfuti yosakira koma thengo sankalidziwa, choncho anadziphatika kwa Atate. Akazi awo tinkawatcha Bana Mwansa, kutanthauza amake Mwansa, khanda limene anali nalo kumsana nthawi imeneyo. Amuna awiriwa anagwirizana kuti chaka chimenecho apitira limodzi.

Loweruka lina masana, mu Ogasiti, tili patchuthi, Ba Mulenga anabwera ndi mfuti yawo kuti ayerekeze ndi ya Atate. Onse awiri anatsegula mabawuti n'kuonetsana kuti mulibe chipolopolo. Kenako Atate anachita zimene ankachita kuntchito kwawo kale. Anaimika mfuti kamwa lake litaloza kumwamba, anamangirira kachingwe ku tiriga, n'kupachikapo kachigubu kopanda kanthu. Ine anandipatsa kapu yachitsulo kuti ndizithira madzi m'kachigubumo pang'onopang'ono mpaka mfuti itati tha. Ya Atate inatenga makapu khumi ndi imodzi. Ya Ba Mulenga inalira pa kapu yachisanu.

Anasinthana mfutizo, aliyense n'kukoka ya mnzake. Ndinaona nkhope ya Atate pamene ankakoka ya Ba Mulenga. Anakoka kachiwiri, kachitatu, ngati munthu amene akulawa chakudya chimene sanadyepo. Iwo anati ya Ba Mulenga imaduka mwakamodzi ngati kamtengo ka machesi, pomwe yawo imayamba yakwekwereza ngati chitseko chotupa ndi mvula.

"Tiriga iyi si ya ku fakitale," anatero Ba Mulenga. "Ija ninachosa. Kuli mudala wina mu tauni, ndiye ananiikila iyi. Koma na yanu, Ba Tembo, mukati muli tumasikuluwu. Bangafewetse chabe."

"Bamene banaipanga banali na chifukwa," anayankha Atate. "Nizaona."

Ndinkawadziwa Atate. Akati "nizaona" ndiye kuti nkhani yatha. Tauni sankaikonda, ndipo kupereka mfuti yawo m'manja mwa mwamuna wina kuti aitsegule kunali ngati kuvomera kuti akalamba. Koma ine m'mutu mwanga munatsala mawu amodzi: tumasikuluwu. Masikuluwu ndiye anali anzanga.

Lachinayi lotsatira Atate anapita kuboma ku Chongwe kukatenga mapepala a chilolezo. Amai anapita kumapemphero a azimayi. Ndinatsala ndekha pakhomo. Kiyi wa bokosi ndinkadziwa pokhala pake, m'jombo yakale yakumanzere imene Atate sankavalanso. Ndinatseka chitseko, ndinayala thumba pansi, ndinatsegula bawuti monga ankachitira eni ake n'kuona kuti mulibe kanthu. Ndinkadziona ngati munthu wosamala kwambiri. Nditalekanitsa chitsulo ndi mtengo wake, ndinapeza kabokosi kakang'ono ka tiriga, ndipo pamenepo panali timasikuluwu titatu, kalikonse katadonthezedwa utoto wofiira pamutu. Ndinapala utotowo ndi nsonga ya mpeni. Ndinapotokola kamodzi, sindinamve kusintha, ndinakabwezera. Ndinapotokola kena, ndipo tiriga inafewa pansi pa chala changa. Ndinawonjezera pang'ono. Nditabwezera zonse ndinayesa ndi kachigubu kaja. Inalira pa kapu yachinayi.

Ndinasangalala kwambiri moti ndinavina ndekha m'chipindamo. Ndinali nditaposa mdala wa m'tauni uja. Ndinaganiza kuti ndisanene kanthu mpaka Atate atabwera ndi nyama, kenako pakudya ndidzaulule, iwo adzadabwe. Komabe ndisanatseke ndinachita chinthu chimodzi chimene chimandiuza lero kuti mtima wanga unkadziwa ndithu. Ndinamasulanso mtengo uja, ndinatenga kabotolo ka utoto wofiira wa m'zikhadabo kamene msuweni wanga anaiwala kwathu, n'kudontheza pamitu ya timasikuluwu tija kuti pasaoneke kuti pagwiridwa.

Lachisanu dzuwa litapendeka, Ba Mulenga anabwera ndi galimoto kudzapakira tenti, madzi ndi mchere. Ine ndinkanyamula katundu kuchokera m'nyumba. Atate, akumanga chingwe, anafunsa mongocheza za mdala uja wokonza mfuti.

"Uja ni wovuta," anatero Ba Mulenga akuseka. "Pamene anasiliza, ananikaniza kutenga mfuti yanga. Anayamba kuigunditsa pansi, kuigunditsa, ine mutima kubaba. Ati ngati wapitilila pang'ono chabe pofewetsa, mfuti siyembekeza chala. Wagunda pa mwala, yalila yeka. Ananiuza za munthu wina amene anazipangila ku nyumba. Chipolopolo chinaboola denga la motoka, mufana wake ali pa mupando wa pambali."

Ndinali nditanyamula thumba la mchere. Ndinatula thumbalo m'galimoto n'kubwerera m'nyumba ngati sindinamve kanthu.

Ndakhala ndikudzifunsa kambirimbiri chifukwa chake sindinalankhule pomwepo. Atate anali pafupi, ndikanangotambasula dzanja ndikanawakhudza. Zoona zake n'zakuti ndinaopa. Sindinaope ndodo kwenikweni, chifukwa Atate sankamenya kawirikawiri. Ndinaopa kuti andiyang'ana pamaso pa mlendo ngati mwana wakuba makiyi. Ndiye ndinayamba kudzinamiza. Ndinati ndibwezera mwakachetechete, koma mfuti inali kale m'chikwama chake pambali pa bedi lawo. Ndinati munthu uja wa denga la galimoto anali wosadziwa ntchito, ine ndachita bwino. Chakudya chamadzulo chinandikanika. Amai atafunsa ndinati mutu ukuwawa, iwo anandipatsa madzi n'kundiuza kuti ndikagone.

Ananyamuka Loweruka kutangoyera. Atate anandiimika pakhomo n'kundikumbutsa za kamwana ka ng'ombe kamene kankatsegula m'mimba, kuti ndikapatse madzi a mchere. Ndinati inde. Anandisisita pamutu, anakwera, ndipo ndinaima n'kumayang'ana fumbi mpaka linatha. Kenako ndinathandiza Amai kukama, ndinamangirira zigubu panjinga, n'kuuyamba wa kumalo otulira mkaka.

Panjira yathu pali kamtsinje kamene kamauma m'chilimwe, kotsetsereka, kodzaza miyala. Ndinatsika mothamanga monga mwa masiku onse. Gudumu lakutsogolo linagunda mwala, njinga inadumpha, ndipo belu linalira lokha, manja anga onse awiri ali pa mabuleki. Linali litachitapo zimenezo kambirimbiri, koma tsiku limenelo ndinaima pakati pa mchenga. M'maganizo ndinaona Atate akutsika m'chigwembe ngati chomwecho, mfuti ili paphewa. Ndinatembenuza njinga ndi mkaka womwe n'kupalasa kubwerera kunyumba.

Ndinapeza Amai akutsuka ndowa zokamira kuseri kwa khola.

"Wabwelela chani na mukaka?"

"Amai, ninagwila mfuti ya Atate. Ninamasula mukati. Ingalile yeka."

Anandiyang'ana kanthawi, madzi akudontha m'manja mwawo. Sanakalipe. Anapukuta manja pachitenje, analowa m'nyumba, anatenga foni yawo n'kuimba. Tinamva foni ya Atate ikulira pawindo la kuchipinda. Anali ataisiya, popeza kuthengo kumene ankapita kulibe netiweki.

"Tiye," anatero Amai.

Tinathamanga kuwoloka msewu mpaka kwa Ba Mulenga. Bana Mwansa anali pakhonde akuyamwitsa. Amai anawapempha kuti aimbire amuna awo msangamsanga. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, chimodzimodzi. Apo m'pamene anafunsa chimene chachitika, ndipo Amai anandikankhira kutsogolo n'kunena kuti, "Kamba iwe." Ndinafotokoza ndikuyang'ana pansi. Nditakweza maso ndinaona kuti Bana Mwansa achotsa mwana kubere n'kumukumbatira pachifuwa mwamphamvu moti anayamba kulira.

Tonse tinkadziwa chinthu chimodzi. Ukangopitirira Chongwe n'kuyamba kukwera mapiri, foni imasiya kugwira. Ndipo tinkadziwa kuti akangofika kumsasa, Atate amaika zipolopolo n'kuyamba kuyenda. Bana Mwansa ankaimba, kudula, kuimbanso. Amai anakhala pasitepe atagwira chibwano, milomo ikuyenda popanda mawu. Ine ndinaima padzuwa chifukwa sindinkaona kuti ndikuyenera mthunzi wa khonde lawo. Nkhuku zinkapalasa m'maluwa, wailesi ya nyumba ina inkaimba nyimbo za kwaya, zonse zili monga mwa masiku onse. Mwina panapita mphindi makumi awiri, koma sindinakhalepo ndi m'mawa wautali ngati umenewo.

Kenako foni inalira m'manja mwa Bana Mwansa. Anali amuna awo. Anali ataima pamsika wa ku Chongwe kugula tomato ndi buledi, foni ataisiya m'galimoto, ndipo pobwera anadabwa kupeza yaimbidwa kochuluka chotero. Akanapanda kukumbukira tomato, akanakhala ali kale m'mapiri. Bana Mwansa anangoti, "Pasani Ba Tembo," n'kundipatsira foni.

"Atate, ni Belita. Osaika chipolopolo mu mfuti."

Ndinkamva maminibasi akuitanira anthu kumbuyo kwawo.

"Wagwila?"

"Ee, Atate. Mukati."

"Tibwela," anatero, n'kudula.

Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Amai anapuma mpweya wautali n'kunena kuti, "Mulungu ni wabwino." Bana Mwansa analowa m'nyumba ndi mwana wawo.

Galimoto inafika dzuwa litakwera. Njinga yanga inali ikadatsamira pakhola, mkaka ukusasa m'zigubu, palibe amene anaukumbukira. Atate anatsika, anatenga chikwama cha mfuti, n'kutiuza tonse kuti tiwatsate kuchulu chachikulu cha kuseri kwa khola. Anatiimika kumbuyo kwawo. Anatsegula bawuti, anasuzumira, analowetsamo chala, n'kuonetsanso Ba Mulenga kuti mulibe kanthu. Anatseka. Kenako anaimika mfuti, kamwa lili kumwamba kutali ndi nkhope yawo, n'kugunditsa thako lake pansi. Sanagunditse mwamphamvu, anangochita ngati munthu amene akutula khasu.

Tha.

Chala chawo chinali kutali ndi tiriga. Anatchera kachiwiri, anatseka kaloko kotetezera kamene amati sefuti, kenako anakatsegula ndi chala chachikulu. Tha. Anayesa kachitatu kungokankha bawuti mofulumira, ndipo inaliranso.

Ba Mulenga anavula kapusi n'kukhala pa chomwera ng'ombe. Anayamba kuseka pang'ono, kuseka kuja kunangozima kokha. Atate anakoleka mfuti ija paphewa monga amanyamulira kuthengo, ndipo ndinaona pamene kamwa lake linafika, kuseri kwa khutu lawo lakumanja. Anaima choncho kanthawi kuti ndione bwino. Kenako anaitsitsa. Amai anatembenuka n'kupita m'nyumba, ndipo tinamva chitseko chikutsekeka.

"Unachita liti?" anandifunsa.

"Pa Chinayi."

"Chifukwa?"

"Ninafuna kuti chala chanu chisazivutika. Kuti musalasenso nyama pa mwendo."

Anayang'ana kumbali.

"Nanga unaziba liti kuti ni zoipa?"

"Dzulo. Pamene Ba Mulenga banakamba."

"Dzulo," anabwereza Atate. Anabwezera mfuti m'chikwama, bawuti anaika m'thumba la jekete, n'kupita kukaona kamwana ka ng'ombe kaja.

Sanandimenye. Madzulo a tsiku lomwelo anandiitana n'kundiuza kuti ndipite ndekha kwa Bana Mwansa ndikapepese, chifukwa kuthengo amuna awo akanakhala akuyenda pafupi ndi mfuti imeneyo tsiku lonse. Ulendo wowoloka msewu umenewo unali wovuta kuposa ndodo iliyonse. Ndinagwada pakhomo la khitchini yawo. Anandisiya ndili chogwada mpaka anamaliza kudula anyezi. Kenako anapukuta maso n'kunena kuti, "Mwansa akalibe kuziba na nkhope ya batate bake bwino. Wamvela?" Ndinati ndamva. Anandidzutsa ndi dzanja n'kunditi, "Koma unabwelela. Yenda ku nyumba." Panapita miyezi ingapo asanayambenso kundiseka monga kale, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Lolemba m'mawa Atate anavala jekete yawo ya kutchalitchi n'kundiuza kuti ndisambe. Tinakwera ndi Ba Mulenga mpaka ku Lusaka, mapepala a mfuti ali m'thumba. Mdala uja dzina lake anali Ba Daka. Ankagwirira ntchito m'kachipinda kakang'ono kokhala ndi zitseko ziwiri zachitsulo, konunkhira mafuta ndi utuchi. Anali wowonda, wa magalasi ochindikala. Atate anapereka moni, anaika chikwama patebulo, n'kunena kuti, "Mwana uyu azakuuzani." Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa jombo.

Ba Daka anamasula mfuti mosafulumira. Ataona madontho ofiira aja anawakanda ndi chikhadabo, ananunkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Ndinafuna nthaka itseguke. Kenako anandiitana kuti ndiyandikire, anandipatsa galasi lokulitsa zinthu, n'kuloza ndi nsonga ya singano pamene tizitsulo tiwiri timakolana. Anati mphamvu yonse ya sipuling'i yomenya chipolopolo imagwiridwa ndi kam'mphepete kameneko. Mwa mapangidwe ake timayenera kukolana mokwanira. Ine ndinali nditatisiya titangokhudzana, pamalo opyapyala ngati tsitsi.

"Iwe unaona monga wafewetsa," anatero. "Sunafewetse. Unachosa chogwila. Atate bako banayenda kufika ku Chongwe na ka malo aka chabe."

Anati tiriga yakaleyo sangaikhulupirirenso, chifukwa m'mphepete muja munali mutabenthuka pang'ono. Anatulutsa mfuti zitatu zopanda zipolopolo, iliyonse ya tiriga yosiyana, n'kuuza Atate kuti atsinzine akoke iliyonse ndi chala chawo chokhotacho. Atate anakoka mobwerezabwereza. Ine ndinkayembekezera kuti asankha yofewetsetsa, koma anasankha yapakati. Ba Daka anagwedeza mutu kuvomereza. Anati yofewa kwambiri ndi ya anthu owombera mapepala atakhala pampando. Kuthengo munthu amakhala atatopa, mtima ukugunda, chala chitazizira, ndiye amafunika tiriga yomveka pachala koma yoduka mwakamodzi, yosakwekwereza. Vuto la yakale, anatero, silinali kulemera kokha ayi, linali kukwekwereza kuja.

Ntchitoyo inatenga mpaka masana. Atamaliza anandipatsa mfuti ija ili yopanda kanthu n'kundilamula kuti ndiigunditse pansi pa kachidutswa ka tayala. Ndinagunditsa mwamantha. Anati ndiwonjezere mphamvu. Ndinagunditsa mpaka mapewa anawawa, iye akutsegula ndi kutseka sefuti, akumenya bawuti ndi chikhatho. Sinalire ngakhale kamodzi. Nthawi iliyonse ikakhala chete ndinkamva chinthu chikumasuka pachifuwa panga. Pomaliza anadontheza utoto wake pamitu ya timasikuluwu n'kutembenukira kwa Atate.

"Mwana ali na mulandu wake. Koma kiyi mu jombo, Ba Tembo? Imwe bamene munagwila nchito ya mfuti?"

Atate anaweramitsa mutu ngati mwana wasukulu. Ndinali ndisanaonepo munthu akuwadzudzula.

Pobwerera tinakwera minibasi, popeza Ba Mulenga anali akadali kuntchito, ndipo chigawo chomaliza tinayenda pansi. Posakhalitsa tinafika pa kamtsinje kouma kaja. Pamenepo Atate anaima kuti apume, n'kulankhula akuyang'ana kutsogolo. Anati iwonso analakwa. Anadandaula za chala chawo chaka chathunthu m'malo mopita kwa odziwa, chifukwa cha kunyada. Anati chifundo changa anachiona, ndipo sakuchinyoza. Koma anati chimene chinawapweteka si sikuluwu.

"Unaniona nikwela motoka," anatero. "Unaniyankha za ka ng'ombe."

Ndinalira pamenepo, kulira kumene ndinakusunga kuyambira Lachisanu. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa, kenako anandipatsa kampango kawo, tinapitiriza ulendo.

Loweruka lotsatira anapitanso ndi Ba Mulenga. Anabwera Lolemba ndi nswala imodzi, yogwa ndi chipolopolo chimodzi. Atate anatsika m'galimoto akuimba kanyimbo ka kutchalitchi pansipansi. Amai anagawa nyama kwa anansi, ndipo mwendo wathunthu unapita kwa Bana Mwansa. Kiyi sindinadziwenso pokhala pake mpaka lero.

Panopa ndine mayi wa ana awiri, ndipo ntchito yanga ndi yokonza mathirakitala ndi makina okamira mkaka m'mafamu a kuno kwathu. Ndimatsegula zinthu tsiku lililonse, koma ndikapeza chinthu cholimba chimene sindikuchimvetsa, ndimayamba ndafunsa kuti chikugwira chiyani ndisanachifewetse. Phunziro limenelo ndi lapafupi, ndipo munthu aliyense wa zitsulo amalipeza tsiku lina. Limene linanditengera zaka kuti ndilimvetse ndi linalo. Lachinayi lija ndinali mwana wosadziwa amene ankafuna kuthandiza. Kuyambira Lachisanu madzulo ndinali munthu wodziwa amene anasankha kuteteza nkhope yake. Ndikalakwitsa ntchito pamakina a munthu, ndipo zimachitika, ndimaimba foni nthawi yomweyo manja asanasambe, chifukwa ndikudziwa mmene mtima wanga umachenjerera ukapatsidwa mpata wodzinamiza.

Atate akadali moyo. Kusaka anasiya, mfuti anaipereka mwalamulo kwa munthu wina, ndipo masiku ano amakangana ndi adzukulu awo za mpira. Chaka chatha, tikusenda nyemba pakhonde, ndinawafunsa funso limene ndinalisunga nthawi yonseyi: kodi ndikanapanda kuulula m'mawa uja, akanazindikira okha asanaike chipolopolo? Ndinkafuna anene kuti inde, kuti munthu wozolowera ngati iwo akanamva pachala.

"Kapena," anatero. "Kapena iyai. Ubwino wake, mwananga, sitinafunikile kuziba."